Mafuta a Amayi

Amayi anga anali ndi matenda amene sindinawaonenso pa munthu wina. Mafuta ankawunjikana m'khosi, m'mapewa ndi m'mikono, ofewa ngati papaya wakupsa, pamene miyendo inali ngati bango. Asisitere a kuchipatala cha mishoni anati si kudya kumene kumachititsa, ndipo mankhwala ake kulibe.

Chaka cha njala tonse ku Mbulumbuzi tinaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Mafuta a amayi okha ndiwo sanasunthe. Atayamba kugawa chimanga tinakaima pamzere, amayi atabereka kamchimwene kanga koyamwa. Kapitawo wogawayo anali wa m'mudzi mwathu momwe, tchalitchi chathu chimodzi, ndipo matenda a amayi ankawadziwa bwino. Anawatsina pamkono anthu onse akuona.

"Inu mayi, thupi lonseli mukufunanso chimanga? Kadyeni cha m'nkhokwe yanu yobisa ija. Wina abwere!"

Anthu anaseka. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti anjala nawonso amaseka. Tinabwerera ndi dengu lopanda kanthu. Mawere a amayi anauma, ndipo sabata lachitatu mwana uja tinamuika m'manda. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo kapitawo ameneyo ndinamuda ndi mtima wanga wonse.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri ndinali kuchipatala kuja, kudwazika amuna anga. M'mawa wina ndikuchokera kophika phala, ndinaona munthu atakhala pakhonde, miyendo, mimba ndi nkhope zonse zili zotupa, wopanda womudwazika. Nkhopeyo sindikanaidziwa. Ndinamuzindikira ndi mawu.

"Mwanangu, ndigawireko kaphalako. Chidyere dzana."

Ndinaika mphika pansi. Ndinagwada mwaulemu monga anandiphunzitsira amayi, n'kumutsina pamwendo. Chala chinalowa, ndipo nditachichotsa panatsala kadzenje.

"A kapitawo, thupi lonseli mukufunanso phala?"

Anandiyang'anitsitsa. Anandidziwa. Amuna anga atadya, phala lotsala ndinakhuthulira galu wa pachipatalapo, kapitawoyo akuona. Amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ine ndinakolezera.

Kwa ansembe ndaulula zambiri, ngakhale za nkhuni zimene ndinaba kumunda kwa eni. Tchimo ili lokha sindinaululepo. Kuulula kumafuna chisoni, ndipo ine ndikakumbukira kadzenje kaja, mtima wanga umakhala m'malo.