Bolodi la m'Tchalitchi ku Chezi

Chaka chimene koleji inatsekedwa chifukwa cha zionetsero, ndinabwerera kwathu ku Chezi ndili m'chaka chomaliza cha fizikisi. Anatiuza kuti tsiku lotsegulira tidzalimva pa wailesi. Ndinabwera ndi mabuku awiri: lina lofotokoza kuti wotchi ya chinthu chothamanga moyandikira liwiro la kuwala imachedwa, lina la tizidutswa ta m'kati mwa atomu.

Pakhomo sindinkakhazikika. Bambo akandipatsa fodya woti ndisankhe m'chigafa, ndinkasakaniza wabwino ndi woipa, mpaka anandiuza kuti ndizingowapatsira mitolo. Nthawi ya nkhani ndinkathamangira wailesi, koma inkangonena za zipani ndi misonkhano.

Kenaka kunabwera mnzanga wa m'kalasi, wa ku Nachisaka, pa njinga ya amalume ake. Anali wakuthwa mutu kuposa tonse, ndipo nayenso kwawo kunamutopetsa. Akatekisiti anatilola kugwiritsa ntchito bolodi la m'tchalitchi m'kati mwa sabata, bola tizifufuta tikamaliza. Tinkawerengera za tizidutswa tobadwira kutali mumlengalenga. Moyo wake ndi waufupi, moti tizidutswato tikanafera m'njira, koma timafika mpaka pamapiri athuwa chifukwa nthawi yake imachedwa. Mnzangayo ankalemba mothamanga, akuthyola choko, ine ndikuzungulira mabenchi kumutsutsa.

Tsiku lina tinaiwala kufufuta. Amayi osesa m'tchalitchi anaona zilembo zachilendo ndi mivi, ndipo pofika Lamulungu mudzi wonse unkati anyamata a ku koleji akuchititsa misonkhano ya chipani m'nyumba ya Mulungu. Bambo anga anandifunsa za nkhaniyi tikuchokera ku Misa. Ndinayesa kuwafotokozera za kuwala ndi mawotchi, iwo akuyang'ana njira. Anandikhulupirira, koma anati anthu akadali ndi mantha a masiku apitawo, ndiye tisiye. Akatekisiti anatilanda kiyi mwaulemu.

Tinayesa kulemba pansi ndi kamtengo kuseri kwa sukulu, koma zinali zosakoma. Mnzangayo anayamba kufika mochedwa, nkhani zake zili za malole a kampeni amene ankakwera ku Ntchisi. Anthu a chipani china anamuuza kuti akufuna wophunzira wodziwa kuyankhula.

"Atitchula kale kuti ndife andale," anatero. "Tiye tikakwere, iwe. Koleji ija mwina satsegulanso."

Ndinamuperekeza mpaka kumsewu. Lole inaima, achinyamata akuimba, wina n'kunditambasulira dzanja. Ndinagwira chitsulo cha m'mbali, phazi limodzi lili kale pa tayala. Sindidziwa chimene chinanditsitsa. Ndinangoti ndidzabwera ulendo wina, lole n'kunyamuka. Ndinabwerera ndi njinga ya amalume ake, ndili ndi mkwiyo koma osadziwa womukwiyira.

Wailesi italengeza zotsegulira, ndinapalasa mpaka ku Nachisaka kukabweza njingayo ndi kumuuza. Mayi ake anati ali cha ku Msakambewa ndi achipani, ndipo uthenga adzaupereka. Ku koleji aphunzitsi athu anafunsa za iye kangapo, kenaka anasiya. Mayeso ndinakhoza movutikira, n'kuyamba ntchito yauphunzitsi.

Tinadzakumananso patapita zaka, pa depoti ku Dowa. Chipani chinamutaya chisankho chitangotha, ndipo anali akugula mtedza m'midzi. Anandifunsa ngati ndikuphunzitsabe, ndinati inde. Basi yake inali ikudzaza, choncho sitinacheze nthawi yaitali.