Anamupatsanso Mpira Yemwe Uja

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene dzina langa linasowa pa osankhidwa kupita ku sekondale. Kwathu ku Chisenga nkhani yotere siyendera pansi. Adada sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangoti mtsikana sabwereza sitandade eyiti, khasu lilipo, kenaka anasiya kundiyang'ana kumaso.

Loweruka lina anandiuza kuti ndiwaperekeze ku boma la Chitipa kukagulitsa nyemba. Tinakwera matola, fumbi lofiira mpaka m'mano. Nyembazo ankagula bambo Makwinja, wamalonda wochokera ku Mulanje, amene m'sitolo mwake munali kanema wa dishi. Tinapeza anthu atadzaza pakhomo, akudandaula kuti mpira wamiyendo kulibe. M'malo mwake ankaonetsa mpikisano wa volebo ya amuna, maiko akuluakulu akulimbana.

Ine ndinali ndisanaonepo anthu otalika choncho. Ankadumpha ngati pansi pakuwatentha, ndipo akamenya mpira ndinkaumva m'chifuwa mwanga. Wina ankadziponya chafufumimba kuti aupulumutse usanakhudze pansi, n'kudzuka osadzisasa n'komwe. Ndinawakonda nthawi yomweyo, ngakhale sindinkadziwa dziko lawo kapena chilankhulo chawo. Adada, amene ankati masewero ndi ntchito ya alesi, anakhala pa thumba la nyemba n'kuiwala sikelo.

Kenaka mnyamata wina wa ovala zofiira anadumpha bwinobwino n'kumenyetsa mpira pa ukonde. Anagwira kumutu. Ine ndinagwa nkhope m'malo mwake, chifukwa manyazi amenewo ndinkawadziwa. Koma anzake asanu anathamangira pakati, anamuzungulira, wina kumugwira paphewa, wina kumusisita m'mutu.

"A Makwinja," anatero adada m'Chichewa chawo chonunkhira Chitumbuka, "ŵakukondwera vichi? Si waluzitsa uyu?"

"Ndi mmene amachitira, achimwene," anayankha bambo Makwinja akupukuta sikelo. "Mpira ukagwa, wagwera onse. Akamusiya yekha, wotsatirawo aphonyanso."

Adada anapukusa mutu. Mpira unayambanso, ndipo amene ankaponyera anzake mpira kuti amenye, ngakhale anali ndi anthu ena oti awapatse, anaukwezera mnyamata yemwe uja. Anaphonyanso, mpira unatuluka kunja. M'sitolo anthu anatsonya, wina anati amuchotse akalime. Anzake anabweranso pakati monga poyamba, popanda woloza chala. Ulendo wachitatu anamupatsanso. Anaumenya mwakuti wa mbali inayo anangouyang'ana ukudutsa.

Adada anaimirira osadziwa kuti aimirira. "Amupatsanso yemweyo," anatero chapansipansi, kawiri konse.

Amene anapambana sindikumudziwa mpaka lero, chifukwa matola athu analiza hutala. Pobwerera tinakhala pamwamba pa katundu, mapiri a Mafinga akuyandikira pang'onopang'ono, mphepo yozizira ikulowa m'makutu. Titatsika, adada sanatsogole monga ankachitira masiku onse. Anandidikira, tinayenda limodzi. Pafupi ndi munda wathu anaima n'kundigwira paphewa. Kwathu bambo sagwira mwana wamkazi wamkulu chotero, ndipo dzanja lawo linali lolemera, losazolowera.

"Mwana wane," anatero, "Lolemba upite kwa ahedi. Ukabwereze."

Ndinalira mpaka kunyumba, amama n'kumaganiza kuti taberedwa.

Chaka chotsatira ndinasankhidwa. Lero ndine mphunzitsi, ndipo adada anatisiya kalekale. Kwa zaka zambiri ndinkatama amuna ataliatali aja, ndipo ndimawatamabe. Koma ndikukula ndazindikira kuti iwo anachita zimene anaphunzitsidwa kuyambira ubwana. Adada palibe anawaphunzitsa. Anaona chinthu chabwino kamodzi kokha, kwa alendo, atakhala pa thumba la nyemba, ndipo sanachite manyazi kubweza mawu awo pamaso pa mwana. Mwana akalephera m'kalasi mwanga, dzanja lija ndimalimva paphewa, ndipo funso lotsatira ndimafunsa yemweyo.