Mawu Amene Ndinawabisira Azakhali Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinaperekeza azakhali anga, Abiti Mdala, kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Ndiwo anandilera ku Lungwena mayi anga atamwalira pa opareshoni, pobereka mng'ono wanga. Azakhaliwo ankagulitsa usipa wouma, koma bondo lakumanzere linali litawatha. Podzuka pamkeka ankayamba agwira khoma. Chichewa ankangochimva patalipatali, choncho ntchito yanga inali yomasulira m'Chiyao.

Atawajambula m'makina, dokotala anatiitanira m'kachipinda kozizira, konunkha sipiriti. Pakompyuta panali fupa la ntchafu yawo. Analemba mzere umodzi kumtunda kwa fupalo, wina kumunsi pafupi ndi bondo, n'kuyeza mmene mizereyo inasemphanirana.

"Fupali linathyoka kalekale, ndipo linalumikizana mopotoka," anatero. "Tikaika bondo lachitsulo tisanaliwongole, silikhalitsa. Maopareshoni akhala awiri, koma adzayenda. Uwafunse ngati akuvomera."

Nditangomva zoti opareshoni, ndinaganiza za mayi anga. Ndinakumbukira thumba la zovala za mayi limene linabwera kunyumba lopanda mwini wake.

"Akuti palibe chimene angachite," ndinawauza azakhali.

Azakhali anangokonza mpango wawo.

"Akuti akaganize kaye," ndinamuuza dokotala.

Mu minibasi yobwerera ku Mangochi anandigulira nthochi pa Liwonde, n'kundithokoza kuti ndagwira ntchito ya munthu wamkulu.

Sitinabwererenso. Patapita zaka zitatu analeka geni. Kenaka analeka kupita kumzikiti. Pomaliza ankachita kukhwekhwereza thako kuti akafike pakhonde, ine ndikuona.

Ndinaulula nditakwatiwa kale, masana ena ndikuwapaka mafuta pabondopo. Sanakalipe. Anangochotsa dzanja langa pamwendo pawo.

"Ndikanavomera," anatero. "Mwina ndikanafera komweko, inde. Koma mwendowu unali wanga, mwanangu."

Anamwalira chaka chotsatira. Anali atandikhululukira, ndipo anawauza abale kuti nkhaniyo isatchulidwenso, koma ine imandidyabe.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lija sindinkateteza azakhali. Ndinkadziteteza ndekha, kuopa kukhalanso wamasiye. Kukonda munthu sikukupatsa chilolezo chomusankhira ululu umene ausenze. Umamuuza zoona, kenaka umakhala pambali pake, ngakhale ukunjenjemera.