Anankafumbwe a Dominic Telala

Pa Namadzi aliyense amamudziwa Dominic telala, yemwe amasokera pakhonde la sitolo pafupi ndi siteji ya minibasi. Kusoka amasoka bwino, koma mukamupatsa nsalu Lachisanu musayembekeze kuvala Lamulungu, chifukwa mutu wake umakhala uli kwina. Ine ndimagulitsa zitumbuwa pakhonde lomwelo, ndiye misala yakeyo ndimaionera pafupi.

Misalayo ndi masewera omwe anaphunzira kwa msuweni wake wochokera ku Joni. Lamulungu akaweruka kutchalitchi amayala katoni pansi, n'kujambulapo mapiri, mitsinje ndi midzi. Wosewera aliyense amatenga chitsekerero cha botolo, n'kukhala munthu wa m'dziko lopekalo. Dominic ndiye amasimba zomwe zikuchitika ndi kubweretsa zilombo. Enawo amanena chomwe achite, kenako amaponya dayisi ya ludo kuti aone ngati zatheka.

Osewera ake ndi atatu okha. M'masewerawo Overtone wa kabaza ndi msilikali wa lupanga, Eluby wogulitsa tomato ndi mayi wa matsenga oponya moto, ndipo a Nikodemo, mlimi wachikulire wa kuseri kwa msika, ndi mlenje wa uta. Atatuwa anapha chilichonse: zimphona, mikango ya mitu iwiri, ngakhale chinjoka chokhala m'phiri. Kenako anayamba kuyasamula. Tsiku lina Overtone ananena mosabisa.

"Achimwene, zilombo zanuzi zatha mano. Sabata yamawa zikakhala zomwezi, ine ndizikaonera mpira."

Sabata imeneyo Dominic anasoka thumba la buluku mozondoka. Ndinamuseka, koma chisoni chinandigwira. Munthuyu samwa mowa, bawo saidziwa. Chake ndi masewerawa basi, ndipo popanda atatuwo sangasewere ndi makina osokera.

Lamulungu litafika Dominic anayamba motsitsa mawu. "Mwabwerera kumudzi kwanu mutapambana nkhondo. Chaka chino mudzi wakolola, nkhokwe yadzaza. Koma mutayandikira mukumva kaphokoso mkati, ndipo pansi pagwa ufa." Anawaza mchenga pang'ono pakatoni. "Anankafumbwe."

Overtone anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Zilombo zake ndi zimenezo? Ndikutema ndi lupanga!" Anaponya dayisi, ndipo inagwa bwino.

"Wapha awiri," anatero Dominic. "Enawo akudya."

"Ndikutemanso!"

"Wapha mmodzi, komanso wang'amba nkhokwe."

Eluby anatola dayisi. "Sunthani ndiponye moto, tithane nazo."

A Nikodemo anamugwira dzanja dayisi isanagwe. "Mwana iwe, moto pachimanga? Ana a m'mudzimu adya chiyani mu Febuluwale?"

Kuyambira pamenepo kuseka kunatha. A Nikodemo analamula kuti chimanga chonse chitulutsidwe, chitonoledwe, chiyanikidwe padzuwa. Eluby anaumirira kuti athiremo phulusa, ndipo anakangana ndi madalawo ngati chimangacho n'chenicheni. Overtone, msilikali woopsa uja, anatula lupanga n'kupempha lichero. Dayisi ikagwa moipa Dominic amati mitambo yada, ndipo onse atatu amabuula zenizeni. Ine ndemwe ndinapezeka ndikukuwa kuti, "Funditsani mphasa msanga!" kasitomala akundidikira.

Nkhondo ili mkati choncho, a Nikodemo anangodzuka, kutenga chipewa, n'kumapita osatsanzika. Masewera anathera pomwepo, ndipo Dominic anafota.

"Ndawanyoza madala," anandiuza akupinda katoni. "Munthu wamkulu ngati uja kumuseweretsa ndi tizilombo."

Ndinamuuza kuti asiye kulira asoke madiresi a anthu. Koma nanenso mumtima ndinkaopa kuti masewera ake afa.

Lamulungu lotsatira anayala katoni ali yekha, maso ali kumsewu. Anafika Eluby. Kenako anafika Overtone, ngakhale mpira unali utayamba kale, n'kuimika njinga osayang'ana munthu kumaso. A Nikodemo anafika pomaliza, nkhope ili gwaa, kachitini kali m'manja. Zinadziwika kuti tsiku lija anathamangira kunyumba kukapisa dzanja m'matumba awo a chimanga, ndipo sabata yonse inathera kuyanika ndi kupeta.

Anakhala pansi, anatsegula kachitiniko, n'kukhuthulira pakatoni. Anankafumbwe enieni anabalalika, ena n'kuyamba kuwoloka mtsinje wojambulawo kulowera kumudzi. Dominic anayasama kukamwa.

"Awa ndawagwira kwanga," anatero a Nikodemo. "Ndipatse dayisiyo, Dominiki. Lero ndiyamba ndine."