Chaka chimene ndinalondera mapira a alamu

Kuchokera ku Mnkhanya mpaka ku Nsefu, palibe munthu amene anandigonjetsapo pa malonda. Ndinkanena poyera, ndipo anthu sankatsutsa. Si ine kodi ndinagulitsa tambala wokalamba kwa mphunzitsi wobwera kumene, nditamuuza kuti ndi mwanapiye wokula msanga?

Chaka chimenecho, mvula isanagwe, ndinapeza mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, ali ndi thumba la mbewu ya chimanga ya m'sitolo, yofiira ija. Ine ndinali ndi mapira m'chigubu, oyamba kale kufumbwa.

"Alamu, mapira awa saopa dzuwa," ndinatero. "Ndikukupatsani chifukwa ndinu m'bale."

Ndinkangolankhula monga tichitira ogulitsa. Tinasinthana, ndipo ndinaseka njira yonse yobwerera.

Mvula inadula, chimanga changa chitangoyamba ngayaye. Masamba anapinda ngati a anyezi, kenako munda wonse unauma chiimire. Pofika Malichi ufa unali pansi pa ndowa, ana akudya kamodzi patsiku. Ku Nsefu, kwa alamu, mapira aja anali atawerama ndi kulemera. Bodza langa linali litasanduka choonadi m'munda wa mwini.

Mkazi wanga sanakweze mawu. "Mukapanda kupita inu kwa achimwene, ndipita ine ndi ana. Za tsiku lobwerera musandifunse."

Ndinawapeza alamu akusema mpini. Ndinaimika njinga yanga patsogolo pawo kuti tisinthane ndi mapira, nkuyamba kuitamanda: matayala atsopano, tcheni chosadumpha. Iwo osadzutsa mutu. Ndinalibe china choti nditulutse.

"Alamu," anatero pomaliza, "njinga yanuyi imathamangitsa mpheta?"

Mbalame zinali zitayamba kugwa m'munda, ndipo iwo okha sakanatha kulondera mbali zonse. Zikamaliza mapira, anatero, nyumba zonse ziwiri zigona ndi njala. Zikalephera, tigawana.

Motero ine, bambo wa ndevu zanga, ndinkakwera pa nsanja sikisi koloko m'mawa ndi chitini ndi mtengo. Amayi opita kumadzi sankandiphonya.

"Mwadzuka bwanji, a malonda? Mpheta zikuti mtengo bwanji lero?"

Tsiku lina masana mpheta zinabwera ngati utsi, kuchokera kumtsinje. Ndinamenya chitini mpaka chinabooka. Ndikathamangira kuno, zatera uko. Ndinakuwa, mawu anatha, ndinavula malaya nkumazunguza. Ndimaona ngala zikuyera ndili pomwepo, ndipo m'maso mwanga munali mbale za ana anga. Mpheta sunganene nazo kuti tsitsaniko. Alamu anatulukira akuthamanga ndi chikwapu cha luzi, tinalimbana nazo mpaka dzuwa litapendeka. Zinadya ngodya imodzi yonse. Kwinako kunatsala.

Titakolola, alamu anathira gawo langa osayeza, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinapemphe basela. Ana sanachoke pakhomo. Phala la mapira ankalinyinyirika, koma mbale zinkabwera zoyera.

Ndikakumbukira chaka chimenecho ndimathokoza Mulungu kuti amene ndinamupusitsa anali munthu wodziwa kupalira, ndiponso wosasunga mangawa. Ndikanawasunga ndekha mapira aja, akanathera anankafumbwe m'chigubu. Alamu amati anandidya. Ine ndimati ndinabisa chakudya cha ana anga m'munda mwawo, iwo nkundilimira. Inu mukuona kwanu, anapambana ndani?