Msilikali wa mumzere wa fodya

Achimwene, lero ndikusesa m'chigafa cha fodya ku Mwazisi ndapeza mfuti yanu ija munasema ndi mtengo wa bulugamu. Ndangokhala pansi. Munkafuna tijambule pa foni filimu yoopsa, nkhani zitatu za mizimu ya asilikali ofera kunkhondo. Tinangokwanitsa ziwiri. Mukukumbuka mutagona mumzere ngati mtembo, nkhope tili titaipaka phulusa, magazi ake a tomato, linthumbu n'kukulowani m'malaya? Munapirira osagwedezeka mpaka ndinakuwa kuti, "Wukani!" Munadzuka mukudzikanda, mukuseka: "Yewo chomene, ndikanafadi!"

Chaka chatha pokuikani, ndinaima pafupi ndi bokosi, mawu aja oti "Wukani!" ali pakhosi. Sindinawatchule, achimwene. Ndinaopa kukuwa inu osadzuka.