Malume ndi Khoma la Pamsika

Malume anga ndi openta nyumba, ndipo chibadwire changa sindinaonepo zikhadabo zawo zili zoyera. Anthu amangowadziwa ndi ovolosi yothimbirira, koma ine ndikuti munthu ameneyu ngofunika kulembedwa.

Chaka chatha anyamata ena analemba pakhoma la msika kuti, "Obwera achoke." Khomalo linayang'anizana ndi golosale ya mayi ena ochokera dziko lina, ndipo mwana wawo wamkazi anasiya kupita kusukulu poopa kudutsa pamenepo. A khonsolo anatumiza anthu msanga, koma pofuna kusunga penti, anthuwo anangotsatira zilembo ndi bulashi. Penti yoyera pakhoma lakuda! Mawu aja anayamba kuwerengeka ngakhale uli kutsidya kwa msewu.

Malume ali ndi kagulu kolimbana ndi chidani: iwowo, wometa, aphunzitsi awiri ndi mayi ogulitsa makala. Malumewo anapita ku khonsolo ali mu ovolosi yomweyo.

"Bwana, mwatithandiza," anatero malume. "Kale amawerenga ndi a maso akuthwa okha, pano ndi agogo omwe."

Bwana woona za misika anagwira pakamwa, kenako anaseka. "Ndiye titani, bambo? Tikukonzereni msonkhano?"

"Ayi. Mutipatse penti ya khoma lonse, makwerero anu aja, ndi chilolezo. Manja tili nawo."

Zonse zinabwera Loweruka pa lole ya khonsolo. Wometa uja amadziwa mutu wa mnyamata aliyense m'dera lathu, choncho anaitana olemba aja mwakachetechete. Anabwera atatu. Malume anapatsa wamtali chopalira.

"Mphwanga, ndamva uli ndi dzanja labwino. Lero ligwire ntchito masana, anthu akuona."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mnyamatayo anazyolika, koma chopalira sanachitaye.

Malume sapenta pamwamba pa litsiro. Anawapalitsa kaye anyamatawo, chilembo ndi chilembo, mpaka matuza m'manja. Mayi a golosale anatulutsa madzi akumwa, ndipo wamtali uja analandira kapu ndi manja awiri.

Lolemba m'mawa ndinadzionera ndekha. Kamtsikana kaja kanatuluka katavala yunifolomu, nkudutsa m'mphepete mwenimweni mwa khomalo. Kanaima, nkulikhudza ndi chala kuti kaone ngati penti yatsopano yauma.

Malume anakuwa ali pamakwerero: "Iwe mwana, usandidetsere ntchito! Thamanga, belu lalira!"